Chithunzi n'cha ndani, wojambula kapena wosema thabwa?

Anyamata odinda matisheti ndi zikwangwani pa Nchalo ndi pa Ngabu amakonda kukokana pa nkhani imodzimodzi, yoti ntchito ikatuluka bwino dzina lipite kwa ndani, amene wajambula, amene wadula zilembo, kapena bwana amene wagula penti n'kupeza kasitomala. Mkangano umenewu sunayambe ndi iwowa ayi. Ku Japan odinda zithunzi ndi thabwa anakangana zomwezi mpakana kugawikana pawiri.

Amene munaonapo munthu akusema chidindo cha amfumu kapena cha sukulu ndiye kuti theka la ntchitoyi mukulidziwa kale. Zilembo amazisema motembenuza, amagoba ponse pamene sakufuna kuti inki ifike, chotsala chotukukacho ndi chimene chimadinda. Anayamba kudinda chonchi papepala ndi a ku China, ndipo buku lodindidwa lakale kwambiri lomwe lili ndi deti ndi Diamond Sutra la mu 868, pano likusungidwa ku British Library ku London. Ku Korea nako kachisi wa Haeinsa akusungabe matabwa opitirira 81,000 osemedwa m'zaka za m'ma 1200.

Koma kumene inasanduka bizinesi ya zithunzi zogulitsa kwa anthu wamba ndi mumzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo. Kumeneko chithunzi chimodzi chinkadutsa m'manja mwa anthu anayi. Mwini shopu ndi amene ankasankha choti chijambulidwe, kaya katswiri wa zisudzo, kaya mkazi wotchena, kaya phiri la Fuji, n'kulipira wojambula. Wojambula ankalemba mizere yokha papepala lopyapyala n'kupereka kwa wosema, ndiye tamverani izi, wosemayo ankamata pepala lija chafufumimba pathabwa la mtengo wa cherry n'kumadutsitsa mpeni pomwepo, kutanthauza kuti chojambula cha katswiri chija chinkathera pomwepo, chimene anthu ankagula kumsika chinali mzere wa mpeni wa munthu wina amene dzina lake nthawi zambiri silinkalembedwa n'komwe. Osemawo nawonso anali ndi maudindo awo, mnyamata wophunzira ankayambira kugoba malo aakuluakulu opanda kanthu, nkhope ndi tsitsi zinkasiyidwira akuluakulu okhwima dzanja chifukwa tsitsi la pachipumi ankalisema limodzilimodzi, mpeni ukangoterereka basi thabwa lawonongeka.

Wachinayi ndi wodinda, ndipo kwa ine uyu ndi amene anaponderezedwa kwambiri. Analibe makina. Ankanyowetsa pepala pang'ono, n'kupaka pathabwa utoto wosungunula ndi madzi pamodzi ndi kaphala ka mpunga, n'kugoneka pepala pamwamba, kenako kumakhutiza kumsana kwake ndi kachipangizo kozungulira kotchedwa baren, kachingwe kopota kozengezedwa n'kukutidwa ndi khoko la nsungwi. Mtundu uliwonse unali ndi thabwa lakelake, wofiira lake, wobiriwira lake, pena matabwa khumi kapena kuposa, ndiye kuti mitundu isaphonyane ankagoba timipata tiwiri m'mphepete mwa thabwa lililonse, kena pakona kena chapambali, totchedwa kento, pepala n'kumakhazikika pamalo omwewo ulendo uliwonse. Zithunzi za mitundu yambiri chonchi zinatchuka kuyambira 1765 ndi ntchito za Suzuki Harunobu. Thambo la pazithunzi zimenezi, lomwe limayamba lakuda bii pamwamba n'kumazirala potsika, si wojambula amene ankalipanga, ndi wodinda popukuta thabwa ndi kansalu konyowa, pepala lililonse payekhapayekha. Ofuna kuyesa kuno kuchigwa adziwiretu kuti ndi dzuwa la Okutobala la ku Nsanje utoto wamadzi uuma musanagoneke n'komwe pepala, bola mbandakucha, ndipo tsanya musalimbane naye, abunthitsa mpeni. Pokhutiza, msana wa supuni umagwira ntchito.

Nanga ndalama? Matabwa onse anali a mwini shopu. Ankatha kudinditsanso kambirimbiri, kusintha mitundu, ngakhale kugulitsa matabwawo kwa shopu ina wojambula osafunsidwa. Zili ngati za asodzi a ku Elephant Marsh, opalasa bwato ndi okoka amanyowa usiku wonse koma gawo lalikulu ndi la mwini ukonde. Ngakhale Hokusai, mwini chithunzi chotchuka cha funde lalikulu chija cha m'ma 1831, ankachita kulemba makalata kwa eni mashopu kudandaula kuti osema ena akumusinthira maso ndi mphuno za anthu ake, n'kumapempha kuti ntchito yake aipereke kwa wosema amene ankamudalira, Egawa Tomekichi. Apa mpamene mungaonere kuti iye mwini ankadziwa kuti dzanja la wosema si lamasewera.

Makamera ndi makina odindira atafika, bizinesi ija inayamba kulowa pansi, ndipo mkangano unabuka poyera. Mu 1904 Yamamoto Kanae, amene anaphunzira kaye ntchito yosema, anatulutsa chithunzi cha msodzi chimene anajambula n'kusema yekha, mikwingwirima ya chogobera ikuonekera dala osabisa. Otsatira njira imeneyi, ya sosaku hanga, ankati luso lenileni ndi loti munthu mmodzi ajambule yekha, aseme yekha, adinde yekha, ndipo mu 1918 anapanga bungwe lawo. Mbali inayo kunali mwini shopu Watanabe Shozaburo amene chapakati pa zaka za m'ma 1910 anadzutsanso njira yakale ya anthu anayi, ya shin hanga, ndi ojambula monga Kawase Hasui, makasitomala ambiri akuchokera ku Amerika ndi ku Ulaya. Chivomezi cha 1923 chinamuwotchera shopu ndi matabwa omwe, anayambiranso.

Ine sindigwirizana kwenikweni ndi oti zonse wekha, chifukwa tsitsi lija ndi thambo lija munthu mmodzi sangazikwanitse bwino zonse, moyo ndi waufupi. Koma pa nkhani ya dzina ndi ndalama anali ndi mfundo, ndipo kunja anawamvera, mmodzi wa iwo, Munakata Shiko, anapata mphotho ku São Paulo ku Brazil mu 1955 ndi ku Venice ku Italy mu 1956. Chondiseketsa n'choti anthu a "ndekha" omwewa sankatha kukhala okha, kuyambira 1939 ankasonkhana kunyumba kwa mmodzi wa atsogoleri awo, Onchi Koshiro, Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, kuonetsana ntchito, kudzudzulana, kuphunzitsa achinyamata, ndi kuthandizana zipangizo nthawi ya nkhondo pamene pepala ndi utoto zinkasowa. Nkhondo itatha mu 1945, ena mwa anthu oyamba kuwagula zithunzi anali Aamerika omwe anabwera ndi asilikali olamulira dzikolo.