Kompyuta ikakana kuyaka, musathamangire kunena kuti yapsa

Eni mashopu a fotokope ndi obena nyimbo pa Dedza boma, ku Linthipe ndi ku Lizulu akabweretsa kompyuta kuti tiikonze, amafika atagamula kale mlandu: yapsa motherboard, bolodi lalikulu lam'kati pomwe zipangizo zonse zimalumikizidwa. Tikaitsekula, nthawi zambiri motherboard imapezeka ili bwinobwino. Chimene chimakonda kufa ndi power supply, kabokosi kachitsulo kokhala ndi fani komwe chingwe cha magetsi chimalowa kumbuyo kuja. Kamalandira magetsi a 230V ochokera ku soketi n'kuwatsitsa kukhala 12V, 5V ndi 3.3V, omwe zipangizo zam'kati zimagwiritsa ntchito. Magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu, kapena mphenzi ikagunda nyengo ya dzinja, ndiko kamayamba kuvulala.

Musanawononge ndalama ya minibasi, yambirani kukhoma. Lowetsani tchaja ya foni pa soketi yomweyo muone ngati ikugwira. Chotsani ekisitenshoni, makamaka zotchipa zapamsika zija, mulumikize kukhoma mwachindunji. Pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi m'kati, ndipo fyuziyo ikapsa kompyuta imangokhala chete ngati yafa. Bwerekani chingwe china muyese.

Kenaka dinani batani, mutchere khutu. Ngati fani ikuzungulira, timagetsi tikuyaka, koma sikirini ili bii, mwinanso ikulira kuti pi-pi-pi, kaikirani RAM, kabolodi kakatali kopyapyala kozikidwa pa motherboard kosunga zimene kompyuta ikugwira panthawiyo. Zulani pulagi, tulutsani RAM, pukutani timano take tagolide ndi labala yofufutira pensulo, muibwezere mpaka timakutu tam'mbali titseke tokha. Fumbi la mu Okutobala likakumana ndi chinyezi cha chifunga cha kuno, timano timeneti timasiya kugwirana bwino. Ikamayaka koma n'kumaiwala deti ndi nthawi, ndi kabatire kozungulira ka CR2032 kamene katha mphamvu.

Ikangokhala zii, yesani power supply payokha. Pulagi itazulidwa, chotsani zingwe zake zonse pa motherboard. Pa pulagi yaikulu ya mabowo 24 pali waya mmodzi yekha wobiriwira. Pindani kawaya komangira mapepala, mulumikize bowo la wobiriwirayo ndi la wakuda aliyense, kenaka mupereke magetsi. Fani ikapanda kugwedezeka, nthawi zambiri kabokosiko ndi kamene kafa. Koma kuzungulira kwa fani si umboni wakuti kali moyo ndithu. Pa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, waya wachikasu azionetsa pakati pa 11.4V ndi 12.6V, wofiira pakati pa 4.75V ndi 5.25V. Kotopa kamayatsa kompyuta, koma mukangoipatsa ntchito yolemera imazima yokha n'kuyambiranso, ndipo ambiri amathamangira kufufuta Windows yosalakwa. Kabokosiko musakatsekule ayi: m'katimo muli tizipangizo totchedwa ma capacitor, amene amasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa.

Pogula kena m'pamene anthu amapusitsidwa. Maso amathamangira nambala yaikulu ya pa chikatoni, 500W kapena 650W. Werengani m'malo mwake tebulo laling'ono lomatidwa pambali, pa mzere wa +12V, chifukwa processor (ubongo wa kompyuta) ndi graphics card (khadi yoyendetsa zithunzi pa sikirini) zimadya pamenepo. Ngati palembedwa 18A, chulukitsani ndi 12: mupeza 216W basi, ngakhale chikatoni chikufuula 500W. Kompyuta ya muofesi yopanda graphics card, 300W yeniyeni imaikwanira mpaka kutsala. Kanyamuleninso m'manja. Kopepuka ngati chitini chopanda kanthu ndiye kuti opanga anaumira zitsulo zoziziritsa ndi zina zotetezera, ndipo koteroko kakamafa kamatha kupita ndi motherboard ndi hard disk yomwe muli ntchito za makasitomala. Ine ndimalolera kuika ka Delta, FSP kapena Seasonic kogwirapo kale ntchito koma koyezedwa, kusiyana ndi katsopano kopanda dzina. Funani zilembo OVP ndi SCP, zosonyeza kuti kamadzithimitsa kokha mphamvu yotuluka ikapitirira muyeso kapena mawaya akagundana. Chizindikiro cha 80 Plus chimangonena kuti sikataya magetsi ambiri ngati kutentha, sichilonjeza kulimba.

Makompyuta ambiri akaunjika ndi a Dell ndi HP, ndipo ena mwa iwo ali ndi mapulagi awoawo osagwirizana ndi wamba wa mabowo 24. Pa oterowo za waya wobiriwira zija zisiyeni, ndipo popita ku Lilongwe kukagula, nyamulani kakufako kuti mukafananize. Ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kochokera ku America kamatha kufika kali pa 115, ndipo mukakalowetsa pa soketi ya kuno chomwecho kamaphulika nthawi yomweyo.

Kwa amene mumadalira sola kapena jenereta, invata zotchipa zotchedwa modified sine wave sizigwirizana ndi ma power supply ena amakono: amalira kapena kuzima okha. Funsani ya pure sine wave, ndipo pakati pa khoma ndi kompyuta pakhale UPS, bokosi la batire lopatsa kompyuta mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima. Kukayamba kugunda, zulani pulagi kukhoma, chifukwa UPS mphenzi siiletsa.