Toji, mlimi amene ankafulula sake nthawi yachisanu

Ambiri akamva za sake, mowa wa mpunga wa ku Japan uja, amaganiza kuti mwini fakitale ndiye ankafulula. Ayi ndithu. Mwiniwake yake inali kugula mpunga, kulipira anthu ndi kugulitsa basi, wodziwa ntchito anali toji, ndipo toji ameneyu anali mlimi wa kumudzi wobwera pa ganyu.

Zinakhazikika m'nthawi ya Edo, 1603 mpaka 1868. Mu 1673 boma linalamula kuti sake azifulula nyengo yozizira yokha, ndiye nyengo imeneyo ndi yomwe minda imakwiririka ndi chipale, mlimi alibe chochita. Akangokolola mpunga amuna ankanyamuka m'magulu kupita kofulula, miyezi osaona akazi ndi ana, kubwerako nthawi yodzala itayandikira. Magulu aja mpaka anatchuka ndi mayina a kwawo, Nanbu a ku Iwate, Echigo a ku Niigata, Tamba a ku Hyogo amene ankafulula ku Nada cha ku Kobe, gulu lililonse ndi kafululidwe kake.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi nkhani ya koji. Ife timadalira chimera eti, iwowa ayi. Mpunga amaupala kunja konseku (wa sake wapamwamba, daiginjo, pamatsala theka la njere kapena kucheperapo), kuuphika pa nthunzi, kenako kuuwaza chuku chotchedwa koji chimene chimasandutsa sitachi kukhala shuga. Izi zimachitika m'kachipinda kotentha pafupifupi madigiri 30 kwa masiku awiri, anthu kudzuka pakati pa usiku kukatakasa mpunga ndi manja, toji kumangogwira, kununkhiza, kulawa, n'kudziwa kuti zili bwino kapena ayi. Mawotchi kunalibe, nthawi yovundula ankaiwerenga ndi nyimbo. Ngakhale natto, soya wowoletsa amene amakonda kudya m'mawa, nyengo yonseyo sankamukhudza kuopa kuti tizilombo take tingawononge koji.

Akazi sankaloledwa kulowamo, izi zokha ndiye sindigwirizana nazo olo pang'ono.

Pano zinthu zasintha. Kuchokera cha mu 1973 sake akumwedwa mochepa ku Japan, alimi oyenda aja akalamba, ndiye m'malo ambiri ana a eni ake akuphunzira okha ntchitoyi. Mmodzi mwa iwo ndi mayi, Miho Imada wa ku Hiroshima, amene ndi toji pa kampani ya makolo ake. Mu Disembala 2024 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika luso lofulula ndi koji limeneli pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa.