Musanasayine fomu ya opaleshoni ya apendikisi: mafunso ndi mayankho

Kodi kumunsi kwa mimba chakumanja kukamapweteka ndiye kuti ndi apendikisi basi?

Ayi. Apendikisi ndi kathumbo kolendewera pamene matumbo aang'ono akumana ndi aakulu. Kakatupa, ululu umayambira pamchombo, pakatha maola 12 mpaka 24 n'kutsikira kumanja. Munthu safuna chakudya, amachita nseru, thupi limatenthako. Koma malo omwewo amapwetekanso ndi taifodi, matenda a chikhodzodzo, timiyala ta mu impso, ndi TB ya m'mimba. Kwa ana, timwanabele ta m'mimba timatupa pambuyo pa chimfine. Kwa amayi ndiye pamafunika maso kwambiri, chifukwa mimba yokhala m'chubu (kunja kwa chiberekero), chotupa cha pa thumba la mazira ndi matenda a m'chiberekero zimanamiza ngakhale dokotala wozolowera ntchito.

Nanga achipatala amatsata ndondomeko yanji asanagamule?

Mukatumizidwa ku Zomba Central kuchokera ku Matawale, Domasi kapena Malosa, tengani kalata yanu ndi buku la kuchipatala. Amayamba ndi kukufunsani ndi kukupimani pamimba, kenaka magazi, mkodzo ndi malungo. Mayi aliyense wa msinkhu wobereka ayezedwe ngati ali woyembekezera, ngakhale akhale pa njira yolera. Sikani imathandiza, makamaka kwa amayi ndi ana, koma ikapanda kuonetsa kathumboko sindiye kuti mulibe matenda.

Madokotala ambiri amawerengera mapointi a Alvarado, njira ya mu 1986, okwana 10. Kupweteka pokanikiza kumanja kumapatsidwa 2, kuchuluka kwa maselo oyera a magazi kupitirira 10,000 nakonso 2. Zotsalazo ndi imodzi imodzi: kusuntha kwa ululu, kusafuna chakudya, nseru kapena kusanza, kupweteka dzanja likachotsedwa mwadzidzidzi, kutentha thupi kofika madigiri 37.3, ndi kusintha kwa mitundu ya maselo oyerawo. Mapointi 4 kutsika m'munsi, apendikisi n'kokayikitsa. Akakhala 7 kukwera, nthawi zambiri wodwalayo ndi wa ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Wa 5 kapena 6 amagonekedwa, kuikidwa dripi, osadya, ndi kupimidwanso pakapita maola angapo. Agadiyani musaone ngati wodwala wanu wataidwa. Kudikira kumeneko ndi mbali ya kuyeza, pakuti apendikisi weniweni amadziulula maola akamapita.

Bwanji osangotsegula n'kuona?

Chifukwa mimba yotsegulidwa sibwerera mwakale. Bala limatha kuchita mafinya, kawirikawiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, ndipo nthawi zina mafinyawo amaunjikana mkati. Mpeni ungathe kukhudza thumbo kapena mtsempha. Mankhwala ogonetsa ali ndi zoopsa zake, makamaka kwa amene wadya posachedwa, n'chifukwa chake amaletsa chakudya maola 6.

Vuto limene ambiri salidziwa limabwera mochedwa. Matumbo akamapola amamatirirana ndi timinofu, ndipo pakatha zaka munthu angadzatupe mimba, kusanza, osatuluka chimbudzi kapena mpweya, mpaka opaleshoni ina. Chipsera chofooka chimalolanso thumbo kutulukira pansi pa khungu n'kupanga chotupa. Kwa woyembekezera, opaleshoni imakweza chiopsezo chopita padera kapena kubereka masiku asanakwane. Zonsezi munthu amazilandira pamene opaleshoni ikupulumutsa moyo. Kuzilandira kathumbo kali bwinobwino, nthenda yeniyeni ili pomwepo, ndiko kutaya.

Akapeza kuti kathumbo kalibe vuto, amakasiya?

Pa opaleshoni yong'amba, nthawi zambiri amakachotsabe, kuti dokotala wa m'tsogolo akaona chipsera asadzanamizike kuti kanachoka kale. Kenaka amaunika matumbo ndi ziwalo zoberekera kufuna chimene chadwalitsa munthu. Funsani zimene anapeza, ndipo zilembedwe m'buku mwanu.

Ndiye si bwino kungodikira kunyumba?

Ayi ndithu. Kudikira kwabwino ndi kwa m'wodi. Pakadutsa maola 36 mpaka 48, kathumbo kotupa kamatha kuphulika, mafinya n'kumwazika m'mimba monse, ndipo izi zimapha. Ululu ukazizira mwadzidzidzi kenaka mimba n'kuuma gwa, thamangani. Musamwe mankhwala otsegula m'mimba kapena azitsamba, musathowe ndi madzi otentha, ndipo ngati munagula maantibayotiki kapena opha ululu, auzeni adokotala dzina lake ndi nthawi imene munamwa, chifukwa amabisa zizindikiro.

Fomu asayine ndani, ndipo ndingafunse chiyani?

Wazaka 18 kukwera amene akuzindikira bwino amasayina yekha, osati mwamuna wake kapena amalume. Mwana amamusayinira kholo kapena womulera. Muli ndi ufulu wofotokozeredwa m'Chichewa musanaike dzina kapena chidindo. Funsani mwaulemu: "Adokotala, mwapeza chiyani m'magazi ndi pa sikani? Kodi zoti ndine woyembekezera kapena ayi mwayeza? Tikadikira maola angapo, choopsa n'chiyani?" Akakuuzani kuti kaphulika kapena zizindikiro zakwana, musachedwetse podikira achibale a kumudzi, sayinani.