Chotchinga cha m'sunagoge: chitalike bwanji, ndipo chikutchinga chiyani?

Mukalowa m'sunagoge wa Ayuda a gulu la Orthodox, amene amasunga malamulo ndi miyambo yakale mosamalitsa, kaya ndi ku Yerusalemu, ku New York kapena ku Johannesburg, mwamuna ndi mkazi wake amasiyana pakhomo. Bambo amalowera uku, mayi uko, ndipo pakati pawo pamakhala chotchinga chimene eni ake amachitcha mechitza. Kwina chimakhala chipupa cha matabwa, kwina katani yolendewera pa chitsulo, kwina galasi losaonekera bwino. M'masunagoge akale monga Bevis Marks wa ku London, amene anatsegulidwa mu 1701, amayi amakwera masitepe n'kukakhala pakhonde lam'mwamba.

Ambiri amaganiza kuti lamulo la zimenezi lili penapake m'mabuku asanu a Mose. Mulibe. Mulibenso mu Shulchan Aruch, buku la malamulo la Rabi Yosef Karo limene linasindikizidwa ku Venice mu 1565, lomwe Ayuda osunga mwambo amatsata mpaka lero. Bukuli limafika pouza munthu nsapato yoti ayambe kuvala m'mawa, koma za kamangidwe ka chotchinga cha m'sunagoge silinenapo kanthu. Nanga chinachokera kuti chinthu chimene chagawanitsa mipingo ya Chiyuda mpaka kukafika kukhoti?

Gwero lake ndi Kachisi wa ku Yerusalemu, amene Aroma anagwetsa m'chaka cha 70. M'Kachisimo munali bwalo lalikulu lotchedwa Bwalo la Akazi, mikono 135 m'litali ndi 135 m'lifupi. Dzinalo lisakupusitseni, amuna ankalowamonso. Linkatchedwa choncho chifukwa akazi nthawi zambiri ankalekezera pomwepo. Pa Chikondwerero cha Misasa m'bwaloli munkachitika phwando la usiku lokondwerera madzi amene ansembe ankakatunga ku dziwe la Siloamu. Ankayatsa nyale zikuluzikulu zagolide, zingwe zake zopangidwa ndi zovala zakutha za ansembe, Alevi akuimba azeze ndi malipenga pamasitepe, akuluakulu olemekezeka akuvina ndi miuni m'manja mpaka mbandakucha. Mishnah, buku la malamulo apakamwa limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, limati amene sanaone chisangalalo chimenecho sanaonepo chisangalalo pamoyo wake.

Pamene pali khamu, usiku ndi kuvina, zina zimachitika. Talmud, buku lalikulu la zokambirana za marabi (aphunzitsi a Chiyuda) pa Mishnah, pa tsamba 51b la gawo lotchedwa Sukkah, imafotokoza mosabisa. Poyamba akazi ankakhala m'kati, amuna kunja, koma panali chibwana. Anasinthanitsa, amuna m'kati, akazi kunja, chibwanacho osatha. Pamapeto pake anamanga khonde mozungulira bwalolo kuti akazi azionerera ali pamwamba, amuna ali pansi.

Apa ndi pamene nkhani imakomera anthu okonda malamulo. Talmud imafunsa kuti, kodi analimba mtima bwanji kuwonjezera kanthu pa Kachisi? Pajatu pa 1 Mbiri 28:19 Davide akunena kuti mapulani onse a nyumbayo anachokera m'dzanja la Yehova. Mphunzitsi wina wotchuka wa ku Babulo, dzina lake Rav, anayankha kuti iwo anapeza vesi. Vesilo ndi Zekariya 12:12, pamene mneneri akunena za maliro aakulu a m'tsogolo: dziko lidzalira, banja lililonse palokha, banja la Davide palokha, ndi akazi awo paokha. Kwa ife zimenezi si zachilendo, poti pamaliro kwathu kuno amayi amagona m'nyumba ya siwa, abambo ali panja pamoto. Koma Rav anakoka mfundo ina. Ngati pamaliro, pamene mtima uli wosweka ndipo chilakolako chilibe mphamvu, amuna ndi akazi akuyenera kukhala padera, nanji paphwando?

Mwaona kuti mpaka pano sitinatchule sunagoge. Khonde lija linali la Kachisi, ndipo linali la phwando la chaka ndi chaka. Mlatho wochoka ku Kachisi kufika ku sunagoge ndi Ezekieli 11:16, pamene Mulungu akulonjeza kudzakhala malo opatulika aang'ono kwa anthu ake obalalika m'maiko. Talmud imati malo amenewo ndi masunagoge ndi nyumba zophunziriramo. Ndiye marabi a pambuyo pake anati ulemu umene unkafunika uko ukufunikanso kuno.

Akatswiri a mbiri yakale sagwirizana kuti zimenezi zinayamba liti kuchitika m'masunagoge. Shmuel Safrai, wa ku yunivesite ya Hebrew ku Yerusalemu, analemba m'zaka za m'ma 1960 kuti m'mabwinja a masunagoge akale a ku Galileya mulibe umboni woti munali malo a akazi okha, ngakhale zolembedwa za nthawiyo zikusonyeza kuti akazi ankapita kukapemphera. Ena amamutsutsa ndipo amati katani kapena matabwa sizisiya chizindikiro pamiyala. Amatchulanso Philo wa ku Alexandria, amene anakhala ndi moyo nthawi ya atumwi, yemwe analemba za kagulu ka Ayuda ku Iguputo kotchedwa Therapeutae. M'chipinda chawo chosonkhanira munali khoma la mikono itatu kapena inayi, losafika kudenga, kuti akazi azimva wolankhula. Koma kagulu kamodzi kodzipatula sikangaimire Ayuda onse.

Umboni wosakayikitsa ukuyamba kuoneka ku Ulaya. Ku Worms, m'dziko la Germany, anamanga chipinda cha amayi chogundana ndi sunagoge cha m'ma 1213. Ku Prague, m'sunagoge wotchedwa Altneuschul amene akugwirabe ntchito mpaka lero, amayi ali ndi zipinda zawo kuseri kwa khoma lochindikala, ndipo m'khomamo muli timazenera topapatiza. Mayi amayandikitsa khutu pakazenerako kuti amveko pemphero. Poti zinali zovuta kutsatira, amayi ankakhala ndi mtsogoleri wawo wodziwa kuwerenga, amene ankabwereza mapemphero mokweza kuti anzake azimutsatira. Ku Worms komweko kuli mwala wa pamanda wa mayi wina dzina lake Urania, amene anamwalira mu 1275, ndipo mwalawo umamutama kuti ankaimbira amayi nyimbo za mapemphero. Mwina n'chifukwa chake Karo sanalembepo kanthu: m'nthawi yake panalibe amene ankatsutsa, ndipo lamulo limalembedwa pamene pabuka funso.

Funsolo linabuka mu 1851 ku Albany, m'chigawo cha New York. Rabi Isaac Mayer Wise, mmodzi wa oyambitsa ku America gulu la Reform, lofuna kusintha miyambo kuti igwirizane ndi nthawi, atasemphana ndi mpingo wake wakale anatuluka ndi otsatira ake, ndipo anagula tchalitchi cha Baptist. M'tchalitchimo munali mabenchi oti banja lonse likhale pamodzi, iwo n'kungowasiya momwemo. Temple Emanu-El ya mumzinda wa New York inachitanso chimodzimodzi mu 1854. Chodabwitsa n'chakuti ku Germany, kumene gulu la Reform linabadwira, amuna ndi akazi anapitirizabe kukhala padera kwa zaka zambiri. Kukhala pamodzi kunali kachitidwe ka ku America, ndipo pofika m'ma 1950 masunagoge ambiri a gulu la Conservative, lomwe lili pakati pa Orthodox ndi Reform, anali atatengera.

Apa ndiye marabi a Orthodox anakakamizika kulongosola chimene makolo awo ankangochita. Ndipo atangoyamba, anapeza kuti sakugwirizana pa funso lenileni: kodi chotchingachi ntchito yake n'kuletsa amuna kuona akazi, kapena kuletsa kusakanikirana? Maimonides, katswiri wamkulu amene anamwalira mu 1204, ananena zonse ziwiri. Pofotokozera Mishnah anati khonde lija linali loti amuna asamayang'ane akazi. M'buku lake la malamulo, Mishneh Torah, anati linali loti asasakanikirane. Mbali iliyonse imagwira mawu amene akuikomera.

Kusiyanaku kuli ndi zotsatira zoti kalipentala angaziyeze ndi tepi. Ngati vuto ndi maso, chotchinga chiyenera kupitirira mutu wa munthu ndipo chisaonekere ngakhale pang'ono. Umu ndi mmene anagamulira marabi a ku Hungary amene anakumana ku Michalovce mu 1865: analetsa kulowa m'sunagoge amene chotchinga chake chimalola amuna kuona akazi. Magulu a Hasidim, Ayuda a Orthodox okhwimitsa kwambiri mwambo, monga a Satmar, akutsatabe zimenezi, ndipo kwawoko ngakhale khonde lam'mwamba amalitchinganso ndi matabwa opingasa kapena katani.

Ngati vuto ndi kusakanikirana, nkhani imasintha. Rabi Moshe Feinstein wa ku New York, amene anamwalira mu 1986 ndipo zigamulo zake ndi zimene masunagoge ambiri a Orthodox ku America amatsata, anati cholinga n'kuletsa kucheza, kugwirana ndi chibwana. Choncho chotchinga chifike m'mapewa a mayi, zikhatho 18 (chikhatho ndi muyezo wa m'lifupi mwa dzanja), komwe ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Mitu ikaoneka palibe mlandu, ndipo khonde lam'mwamba ndi lokwanira palokha, monga zinalili m'Kachisi. Chikhatho chenichenicho marabi amachiyeza mosiyana, ena masentimita 8, ena pafupifupi 10, ndiye musadabwe kuona zotchinga ziwiri zosiyana msinkhu zonse zikuti zikutsata Feinstein. Palinso ena ochepa amene amati zikhatho 10 n'zokwana, poti umenewo ndiwo msinkhu umene malamulo a Sabata ndi a misasa amauwerengera kuti ndi khoma. Feinstein anakana. Chotchinga chofika m'chiuno, anthu amacheza pamwamba pake bwinobwino.

Musaganize kuti Feinstein anali wofewa. Iye anati lamuloli lili ndi mphamvu ya Torah yeniyeniyo, kutanthauza Chilamulo cha Mose, osati ya marabi chabe, ndipo umboni wake unali funso lija la Talmud. Omanga khonde aja akanakhala kuti sanalamulidwe ndi Mulungu, sakanayerekeza kusintha mapulani a Kachisi. Rabi Joseph Soloveitchik wa ku Boston anaona mosiyana pang'ono: kukhala padera ndiye kwa m'Malemba, pomwe chotchinga chenichenicho ndi lamulo la marabi. Koma pa zochita anali wouma kwambiri. Anagamula kuti munthu amene sunagoge yekhayo wapafupi ndi wokhala mosakaniza, kuli bwino apemphere kunyumba ngakhale pa Chaka Chatsopano cha Chiyuda, n'kuphonya kulira kwa lipenga la nyanga ya nkhosa, limene kulimva ndi lamulo lolembedwa m'Chilamulo. Kunena zoona, chigamulo chotere sichikufotokozeka ndi nkhani ya chibwana yokha. M'zaka zimenezo chotchinga chinali chitasanduka malire osonyeza amene ali wa Orthodox ndi amene sali.

Malirewo anafika mpaka kwa oweruza a boma. Ku Mount Clemens, m'chigawo cha Michigan, mpingo wina utavota kuti amuna ndi akazi azikhala pamodzi, membala wina dzina lake Baruch Litvin anakasuma. Mu 1959 khoti lalikulu la Michigan linamukomera, ponena kuti nyumbayo inaperekedwa kuti ikhale ya mapemphero a Orthodox, ndipo ochuluka sangalande ochepa ufulu woigwiritsa ntchito motero.

Ku Yerusalemu nkhaniyi inakhudza ndale zoopsa. Mu Seputembala 1928, pa Tsiku la Chitetezero, apolisi a Britain, amene ankalamulira dzikolo nthawiyo, anachotsa mokakamiza chotchinga chimene Ayuda anaika pa Khoma la Kumadzulo, chotsala cha mpanda wa malo a Kachisi kumene Ayuda amapempherera, ponena kuti chikuphwanya dongosolo limene linalipo kuyambira nthawi ya ulamuliro wa Turkey. Mkangano wa Khomalo unakula mpaka zipolowe za mu 1929, zimene zinapha anthu oposa 200, Ayuda ndi Aluya. Israel atalanda malowa mu 1967, bwalo la pa Khomalo linagawidwa pawiri, mbali ya amuna kukhala yaikulu kuposa ya akazi. Kuyambira 1988 gulu la Women of the Wall lakhala likulimbana kuti amayi aziwerenga mpukutu wa Torah kumbali yawoyo. Boma linavomereza mu 2016 kukonza malo oti onse azipempherera pamodzi chakum'mwera kwa bwaloli, koma mu 2017 linaimitsa pulaniyo zipani zachipembedzo zitaopseza.

Pa zonsezi, chimene ine ndimaona kuti anthu amachinyalanyaza n'chakuti malamulowa amanena za msinkhu wa chotchinga ndi chopangira chake, koma salamula kuti amayi akhale kumbuyo. Dandaulo la amayi ambiri a Orthodox si chotchinga chenichenicho ayi. Ndi kukhala pakona yopanda mpweya, kumene mlaliki samveka ndipo mpukutu wa Torah ukamatulutsidwa m'bokosi lake iwo osauona. Zimenezi amasankha ndi a komiti ya zomangamanga, osati Talmud. Masunagoge ena tsopano amadutsitsa chotchinga pakati penipeni, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kuti mbali zonse ziyandikire mofanana. Ena amaika katani yoti azitsegula nthawi ya ulaliki, poti ulaliki si pemphero. Mpingo wa Shira Hadasha, umene unayamba ku Yerusalemu mu 2002, unasunga chotchinga chapakati chotere koma n'kulola amayi kuwerenga Torah ndi kutsogolera zigawo zina za mapemphero. Marabi ambiri a Orthodox amakana zoti amayi azitsogolera choncho, koma chotchinga chodutsa pakati ambiri sachitsutsa, bola chikwaniritse muyezo wa Feinstein.