Mapiritsi ogonetsa a pa Facebook si a kuchipatala

Abale anga a kuno ku Ntcheu, musamvere zoti mapiritsi ogonetsa otsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp alibe vuto, ati n'chimodzimodzi a kuchipatala. Limenelo ndi bodza.

Ena amapangidwa mobisa ndi mankhwala otchedwa bromazolam, n'kudindidwa dzina la Xanax, lomwe ndi dzina la mapiritsi enieni a kuchipatala ochepetsa nkhawa. Palibe amayeza mphamvu yake: piritsi lina lofooka, linzake lokugwetsani pomwepo. Mu 2024 bungwe la United Nations linaika bromazolam m'gulu la mankhwala osayenera kugulitsidwa chisawawa.

Chondiopsa kwambiri n'kuwamwera pamodzi ndi kachasu. Kupuma kumachepa, munthu amangoliza mkonono, anzake n'kumati wagona pamene akutsirizika. Akapanda kudzuka mutamugwedeza, mugonekeni chammbali, mufulumire naye kuchipatala.

Amene anawazolowera asasiye mwadzidzidzi, angakomoke ngati wakhunyu. Ayambe waonana ndi dokotala.