Malo a kafukufuku a ku Bvumbwe si a eni maesiteti okha

Kwa zaka zambiri, alimi ena ku Thyolo akhala akukhulupirira kuti malo a kafukufuku wa zaulimi a ku Bvumbwe amatumikira eni maesiteti ndi anthu ophunzira okha, ndipo kuti mlimi wa kamunda kakang'ono alibe chake kumeneko. Maganizowa ndi olakwika, ndipo amandidetsa nkhawa chifukwa amamanitsa anthu thandizo lomwe lili pakhomo pawo.

Malowa ndi a boma, pansi pa nthambi ya kafukufuku mu Unduna wa Zaulimi, ndipo ntchito yawo yaikulu ili pa ndiwo zamasamba, zipatso ndi mbewu ngati mbatata, zomwe amalima kwambiri ndi alimi wamba. Kafukufuku wa tiyi ali ndi kwawo, ku Mimosa m'boma la Mulanje.

Taganizirani mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira, mitundu yomwe inatulutsidwa mu 2011. Akatswiri a ku Bvumbwe anagwira ntchito yaikulu pa mbatatayi, yomwe ili ndi vitamini A wofunika pa maso ndi pa thanzi la ana, ndipo lero amayi amaigulitsa m'miyulu m'mphepete mwa msewu wa ku Limbe.

Ku Bvumbwe amayezanso dothi. Izi n'zofunika kuno, kumene mvula yambiri imakokolola michere n'kusiya nthaka ya asidi, moti mlimi amathira feteleza koma chimanga osabereka bwino. Mlangizi wa m'dera lanu angakuuzeni katengedwe ka dothi loti likayezedwe, komanso masiku a zionetsero za mbewu.