Thandizo lanu lifike pa zokonzekera za sabata ndi sabata

M'timu ya osewera aulumali wa kaganizidwe imene ndimaphunzitsa muli mtsikana wina amene anatha miyezi itatu akuphunzira chinthu chimodzi chokha: kupatsira mnzake kamtengo pa mpikisano wothamanga molandizana. Liwiro anali nalo ndithu. Koma akafika pamene paima mnzakeyo, ankafumbata kamtengoko n'kungodutsa nako uku akumwetulira, poti m'maganizo mwake chinthu chimene wapatsidwa sachitaya. Tinayamba kuyeserera ataima, kenako akuyenda. Pambuyo pake tinayala kansalu kofiira pansi n'kumuuza kuti phazi likangofika pofiirapo, dzanja litseguke. Tsiku limene anasiya kamtengoko ali pa liwiro, pabwalo panali osewera anzake, amayi ake, ndi ine basi.

Anthu akufuna kwabwino akabwera kudzafunsa mmene angathandizire, ambiri amakhala akuganiza za tsiku la mpikisano: matisheti, zikho, zokuzira mawu. Ine ndimawapempha kuti aganizire miyezi itatu ija, chifukwa ndiyo imasowa woilipirira.

Tiyambe tamvana kaye za anthu amene tikukambawa. Ulumali wa kaganizidwe si misala, komanso si matenda oti munthu amwa mankhwala n'kuchira. Umayamba munthu adakali wamng'ono. Ena amabadwa nawo, monga amene ali ndi Down syndrome, vuto lachibadwa limene limachedwetsa kakulidwe ka thupi ndi nzeru. Ena umawapeza chifukwa cha zovuta za pobadwa kapena matenda ogwira ubongo ali makanda. Akatswiri amaona zinthu ziwiri: zotsatira za mayeso oyeza nzeru, zomwe kawirikawiri zimakhala cha m'ma 70 kutsika m'munsi, ndi mmene munthuyo amathera zinthu za tsiku ndi tsiku monga kudziveka, kuwerengera ndalama ndi kuyenda ulendo yekha. Kuphunzira amaphunzira, kungoti chinthu chimafunika kuchiduladula ndi kuchibwereza kambirimbiri.

Kale anthu ankakhulupirira kuti thupi lofooka ndi mbali ya ulumaliwu. M'zaka za m'ma 1960, katswiri wa ku Canada, Frank Hayden, anasonyeza kuti ana otere ankafooka chifukwa chongokhala, popeza panalibe wowaitana kukasewera, ndipo atawayambitsa masewero olimbitsa thupi mphamvu zinabwera. M'nyengo yomweyo Eunice Kennedy Shriver, mlongo wake wa pulezidenti John F. Kennedy, amene mkulu wake Rosemary anali ndi ulumali umenewu, anayamba mu 1962 kuitanira ana kunyumba kwake ku Maryland kuti azisambira ndi kusewera. Ntchitoyo ndiyo inabala Special Olympics, bungwe la masewero a anthu aulumali wa kaganizidwe, imene mpikisano wake woyamba unachitika pa 20 Julaye 1968 pabwalo la Soldier Field ku Chicago, ndipo panali osewera pafupifupi 1,000 a ku America ndi Canada.

Chimene ambiri sachidziwa, ndipo ine ndimachikonda koposa, ndi kagawidwe ka osewera. Sangotengedwa onse n'kuwaimika pa mzere umodzi. Amayamba ayesedwa, kenako amaikidwa m'magulu potengera zaka, kuti ndi amuna kapena akazi, komanso luso lawo. Gulu limakhala la anthu atatu mpaka 8, ndipo okonza amayesetsa kuti wothamanga kwambiri asamusiye wotsalira ndi kupitirira 15 peresenti. Choncho amene amatha mamita 100 m'masekondi 30 amalimbana ndi anzake a masekondi 30, ndipo palibe amadziwiratu wopambana. Atatu oyamba amalandira mendulo, otsatira amalandira maliboni. Palinso lamulo loletsa kubisa luso: wosewera akachita bwino mopitirira kwambiri nthawi imene analembetsa, angathe kuchotsedwa mu mpikisano. Apa ndiye pamene pamagona ntchito ya kochi. Kuti ndilembetse nthawi yoona, ndiyenera kukhala ndi wotchi ndi kope, n'kumayeza munthu wanga sabata iliyonse. Malamulo amafuna kuti wosewera akonzekere masabata osachepera 8 asanalowe mpikisano, ndipo mwa zimene ndaona ine, ambiri amafunika nthawi yoposa pamenepo.

Ndiye ndalama zimathera kuti? Mbali yaikulu ndi mayendedwe. Osewera athu ambiri sangabwere okha, ndipo wowaperekeza amasiya ntchito yake tsiku limenelo. Banja likalephera milungu iwiri yotsatizana, kawirikawiri wosewerayo sitimuonanso. Mfundo ya Special Olympics ndi yoti wosewera ndi banja lake asalipitsidwe kanthu kuti achite nawo masewero, ndiye mtolo wonse umagwera komiti ya timu.

Kenako pali za chipatala. Wosewera asanayambe amafunika kupimidwa. Ena ali ndi khunyu ndipo kochi ayenera kudziwa mankhwala awo ndi choti achite munthu akagwa. Ambiri mwa amene ali ndi Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo ena mafupa awiri oyamba a khosi lawo amakhala olekeralekera, moti kumenya mpira ndi mutu kapena kudumphira m'madzi chamutu kungawavulaze msana. Kuyambira mu 1997 Special Olympics imapima osewera maso, makutu, mano ndi mapazi kwaulere pa mipikisano yake, ndipo kumeneko kumapezeka anthu amene akhala zaka akuvala nsapato zothina osanena. Mnyamata wina wa m'timu yathu tinkamuyesa wamakani chifukwa wezulo ikalira sankanyamuka. Atamupima anapeza kuti khutu limodzi silimva. Ndinamva chisoni kwambiri pokumbukira maulendo amene ndinamudzudzula.

Kukhala ndi akuluakulu oyang'anira osewera nakonso kumafuna ndalama, ndipo pamenepa sindilola kuchepetsa. Anthu aulumali wa kaganizidwe amachitiridwa nkhanza mosavuta chifukwa amakhulupirira munthu msanga ndipo ena sangathe kufotokoza zimene zawachitikira. Pa ulendo timafuna wamkulu mmodzi pa osewera anayi aliwonse, ndipo wamkulu asakhale yekha ndi wosewera pamalo obisika.

Njira zopezera ndalama zilipo zambiri, ndipo ina ndi yotchuka dziko lonse. Mu 1981 mkulu wa apolisi mumzinda wa Wichita ku Kansas, Richard LaMunyon, anayambitsa zoti apolisi azithamanga atanyamula muuni posonkhetsa ndalama, ndipo mwambowu unafalikira m'mayiko ambiri. M'mayiko ozizira anthu amalonjezetsa anzawo ndalama kenako n'kudumphira m'madzi oundana. Chimene ndimatolapo ine n'chakuti zochitika zimenezi zimabwera chaka ndi chaka, ndipo wopereka amatuluka thukuta limodzi ndi osewera. Komabe kwa timu yaing'ono, anthu makumi awiri opereka pang'ono mwezi uliwonse amaposa phwando limodzi lalikulu, limene nthawi zina theka la ndalama zake limabwerera ku holo ndi zoimbira. Ndalama ya mwezi ndi mwezi imandilola kuuza kholo molimba mtima kuti galimoto ibwera Lachitatu, tsiku lathu lokonzekera.

Chonde, tisagulitse chisoni. Ine ndinalakwitsapo pamenepa. Chaka china ndinalemba pa chikwangwani kuti "Thandizani ana ovutikawa", n'kuikapo chithunzi cha timu. Bambo wina wa zaka 34, goloboyi wathu, anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa zilembo, kenako anandiyang'ana n'kufunsa, "Akochi, anawo ndi ati?" Ndinasowa poyankha. Chikwangwanicho tinachichotsa, ndipo chatsopano tinalemba limodzi: dzina la timu, tsiku la mpikisano, ndi zimene tikusowa. Kuyambira pamenepo chithunzi cha munthu sichituluka iye mwini ndi womusamalira asanavomere, ndipo popita kukapempha thandizo ku kampani timapita ndi wosewera kuti adzilankhulire yekha, ngakhale atenge mphindi zisanu pa chiganizo chimodzi.

Masewerowa amadalira kukhulupirirana, ndipo kukangosweka amene amavutika ndi osewera. Pa Paralympics, mpikisano wina wa dziko lonse wa osewera aulumali, ya ku Sydney mu 2000, timu ya basketball ya Spain inapata golide, kenako zinaululika kuti osewera 10 mwa 12 analibe ulumali uliwonse. Zotsatira zake, anthu onse aulumali wa kaganizidwe anatsekeredwa kunja kwa Paralympics mpaka mu 2012 ku London. Komiti ya timu yaing'ono ikasokoneza ndalama, zimachitikanso chimodzimodzi: opereka amachoka osabweranso. N'chifukwa chake akaunti ikhale ya timu, osayinira akhale awiri kapena atatu osakhala pachibale, lisiti lililonse lisungidwe, ndipo msungichuma aziwerenga lipoti pamaso pa makolo ndi osewera omwe. Wopereka ali ndi ufulu wofunsa kuti timuyo inakumana kangati mwezi watha, ndipo komiti yabwino imangotsegula kope la mayina n'kumuonetsa.

Kwa amene alibe ndalama, malo alipo. Pali masewero otchedwa Unified Sports, momwe aulumali ndi opanda ulumali amasewera m'timu imodzi. Mukabwera, sewerani zenizeni. Musaphangire mpira wonse, komanso musawasiyire chigoli mwadala, chifukwa amazindikira ndipo zimawapweteka. Lankhulani ndi wosewerayo mwachindunji, osati kudzera kwa womuperekeza, ndipo mudikireni amalize mawu ake. Ngati mukudziwa kuti mwabwera kamodzi kokha, nenani tsiku lomwelo, chifukwa osewera athu amasunga dzina la munthu, ndipo Lachitatu lotsatira adzaima pageti n'kumandifunsa kuti muli kuti.